Tsiku Limene Mkamwini Anandibereka Kumbuyo Panyanja

Anzanga, inu amene munandiona Lamulungu lija ndikulowa m'tchalitchi ndi duku lachilendo n'kumanong'onezana kuti langa lamaluwa lija lapita kuti, lero ndikuuzani. Duku lija lili pansi pa nyanja, mwina nsomba zikuchitira ukwati. Koma musaseke ndisanamalize, mukudziwa kuti ine mawu anga ndi apansi kale, mukayamba phokoso simumva kanthu.

Zonse zinayamba ndi foni ya Thoko, mwana wanga woyamba uja amagwira ntchito ku Lilongwe. Anapezana ndi mnyamata wa ku Blantyre, dzina lake Limbani, ndipo awiriwo anali atagwirizana kale zomanga banja. Chotsala chinali chimodzi: mayi ake a Limbani, aNachisale, anali asanalole kutumiza ankhoswe. Akuti ankangoti, "Mwanayo ndamuona, ndi wabwino. Koma kwawo n'kotani? Kuli ulemu?" Ndiye Limbani, mwa nzeru za ana a masiku ano, anaganiza kuti amayi awirife tikumanirane pamalo opanda mwini. Anachita hayala boti la ife tokha kunyanja, ku Chembe, kuti tinyamuke m'mawa, tikazungulire chilumba, masana tibwerere.

"Limatchedwa katamarani, amama," anatero Thoko. "Lili ngati mabwato awiri omangidwa pamodzi, silipendekeka n'komwe. Inu mukangokhala phee, muzimwetulira. Chonde amama, musakachite zambiri."

Bambo ake a Thoko anakaniratu. "Ine madzi ndimawadziwa a m'kapu," anatero, n'kutenga khasu ulendo kudimba. Ndinatsala ndekha kuti ndikaimire banja lonse. Ndinati mumtima, akufuna kuona ulemu? Auona. Ulemu wa ku Champiti, wosasungunula.

Tsono mukudziwa mmene tinakulira ife. Mpongozi wamkazi ndi mkamwini sakhala pamphasa imodzi, sayang'anizana m'maso, sapatsirana chinthu m'manja. Mukakumana panjira wina amapatukira kutchire, moni n'kumaperekera komweko, nkhope ili kumbali. Mayi anga anamwalira asanadziwe bwinobwino ngati amuna anga ali ndi ndevu kapena ayi. Limbani anali asanakhale mkamwini weniweni, komabe ndinati ndiyambiretu, amayi akewo aone kuti kwathu sitiphunzira mwambo pa tsiku la ukwati. Chimene sindinaganize n'chakuti pamtunda mwambowu umayenda chifukwa pali tchire. Nanga pamadzi munthu upatukira kuti?

Kwa asewele supita chimanjamanja. Ndinakumba mbatatesi zosankha, zazikuluzikulu, n'kudzaza kathumba, ndinagwiranso tambala wanga wofiira uja, n'kumumanga miyendo ndi kansanza. Thoko atabwera kudzanditenga anangoyang'ana tambalayo, n'kuyang'ana ine, n'kupumira m'mwamba. Tinatsika kudzera ku Kasinje, kutentha kukuwonjezeka phiri lililonse tikatsika, tambala akupumira kukamwa, ine ndikumupepesa.

Tinawapeza akutidikira pamchenga. ANachisale, mayi wamtali, atavala buluku, chipewa chotambalala ndi magalasi akuda. Mtima wanga unati phaa. Ndinagwada pomwepo kuti ndipereke moni, osayang'ana kuti ndagwada pati, funde linabwera n'kundinyowetsa mawondo onse. Koma taonani, mayi uja, wa m'tauni, wa mawondo olira, anagwadanso nane pamchenga wonyowawo ndi buluku lake loyera. Kanthu kakang'ono, koma ndinakasunga. Limbani anaima patali, ndinamupatsa moni ndikuyang'ana mtengo wa mlambe.

Kaputeni wa botilo anali bambo wonenepa, wakuda bii ndi dzuwa, wa pakamwa posatseka. Anayang'ana chimene ndinapanira m'khwapa.

"Mayi, ine anandiuza za anthu anayi. Bambo ofiirawa sanawatchule."

"Ndi mphatso," ndinayankha motsitsa. "M'galimoto angafe ndi kutentha."

"Akwere, palibe vuto. Koma jekete ya saizi yawo ndilibe."

Kukwera kwake kunali kolowa m'madzi mpaka m'mawondo, kenako kamakwerero kakang'ono kumbuyo kwa boti. Limbani anatsogola, n'kutambasula dzanja kuti andikoke. Dzanja la mkamwini! Ndinayang'ana kumwamba, ndinayang'ana kumapiri, kenako ndinadziponya chamimba pabotipo n'kukwawa ngati thumba la feteleza limene likudzitsitsa lokha m'lole. Mwana wa eni uja anatembenuka msanga n'kuyamba kuyang'anitsitsa chingwe china ngati chili ndi nkhani. Ndinati, mnyamatayu analeredwa.

Anatipatsa majekete oyandamitsa, a mtundu wa lalanje. Ine ndinafuna kukana, poti jeketeyo inkabisa chilundu changa chatsopano, koma aNachisale anandiveka okha n'kukoka malamba mpaka mpweya kutuluka. "Valani, mayi, inenso ndikuoneka ngati dzungu," anatero. Akanapanda kukoka malamba aja, nkhaniyi bwenzi akukuuzani ndi abusa.

Thanga, chinsalu choyendetsera boti, linakwezedwa, mphepo inaligwira, tinayamba kutsetsereka popanda phokoso la injini. Kukoma kwake, abale! Koma malo okhala anali kabwalo kakang'ono kumbuyo, mabenchi oyang'anizana. Ndikakhala apa, Limbani ali patsogolo panga. Ndikasuntha apo, mawondo athu atsala pang'ono kugundana. Khosi linayamba kupweteka ndi kuyang'ana kumbali. Ndili mkati movutika choncho, kaputeni anakuwa, "Tikukhota! Zolikani mitu, nonse mbali iyi!" Chimtengo chopingasa cha thanga chinadutsa pamwamba pathu kuti fyuu, onse anasamukira benchi limodzi, ndipo malo otsala anali amodzi okha, pambali penipeni pa Limbani, ntchafu kugundana ntchafu.

Inu mukanatani?

Ine ndinanyamula tambala wanga ndi kathumba kanga, n'kukwawira kutsogolo. Kutsogoloko, pakati pa mabwato awiri aja, anamangapo chiukonde cholimba, akuti azungu amagonapo kuothera dzuwa. Ndinati eya, tchire langa ndi limeneli. Ndinakhala mwaulemu, miyendo yotambasula, msana kwa mkamwini, pansi panga madzi akuthamanga ndikuwaona ndi maso. Ndinamumasulirako tambala kansanza kaja pang'ono, poti timiyendo tinali titayamba kutupa, ndinamva chisoni.

Madzi a m'nyanja alibe mwambo, anzanga. Saodira, ndipo salowera pakhomo. Funde loyamba linabwera chapansi, kudzera m'mabowo a ukonde, n'kundipeza malo amene ngakhale anamwino a ku Champiti amayamba apepesa. Ndinati "Mayo!" chamumtima, nkhope osasintha. Lachiwiri linabwera ndi linzake.

"Amama, bwererani kuno!" anakuwa Thoko.

"Ndili bwino, mwanawe. Kuno kuli kamphepo."

Kamphepo! Ndili chinyowere ngati nkhuku yogwera m'chitsime. Ndiye poti boti linkadumphadumpha, kathumba kaja kanagwa chammbali, kukamwa n'kumasuka. Mbatatesi zanga, zimene ndinasankha imodziimodzi, zinayamba ulendo. Zinkagubuduka mwadongosolo ngati ana a sukulu, kufika m'mphepete, chubwi. Ina chubwi. Ndikagwira iyi, iyo yapita, dzanja lina lili pa tambala. Limbani anabwera chokwawa kuti andithandize, koma iye akasendera, ine ndinkasenderanso kutsogolo, iye kusendera, ine kusendera, mpaka ndinafika kumapeto kwenikweni kwa ukonde, kumene kutsogolo kwake kunali nyanja basi. Anazindikira mwana uja. Anaima, anatola mbatatesi imodzi imene inakodwa pachingwe, n'kuika m'thumba la kabudula, n'kubwerera chafutambuyo.

Tinafika pafupi ndi chilumba. Miyala ikuluikulu, mitengo yomera pamwala, madzi oyera oti timaona tinsomba tabuluu pansi. Ndinayamba kuganiza kuti mwina zoipa zatha, mphatso yatsala theka koma ulemu ulipo wonse. Pamenepo kaputeni anati, "Tsopano muone chimene alendo amabwerera kuno." Anaimba mluzu wautali, n'kuponya nsomba m'madzi, kutsogolo kwanga kwenikweni.

Kuchokera mumtengo wa pachilumba kunatsika nkhwazi. Chimbalame, abale, mapiko ngati chitseko, zikhadabo zili patsogolo. Kwa alendo n'zokongola. Koma tambala wa ku Ntcheu sadziwa zokopa alendo, iye chimene amadziwa n'chakuti chinthu chikatsika kumwamba choncho, wina pakhomo asowa. Anakuwa kuti kweee, anapalasa, kansanza ndinamasula ndekha kaja kanagwa, tambala uyo m'mwamba. Ine, poona mphatso yomaliza ya asewele ikuuluka, ndinaimirira. Paukonde saimirirapo, anzanga, ndakuuzani ulere. Ndinatambasula manja, ndinagwira mphepo, phazi linaponda pamene panalibe kanthu.

Khuvuu!

Nditatulukira, jekete inali itakwera mpaka m'makutu, chitenje chitayandama mondizungulira ngati ambulera, duku likupita lokha cha ku Mozambiki, tsitsi langa loluka theka lili poyera kuti aliyense aone. Kusambira sindidziwa, kwathu mtsinje umalekeza m'akakolo. Ndinamva khuvuu wina. Ndani? Limbani, ndi malaya omwe.

"Amayi, ndigwireni paphewa!"

Tsono apa ndi pamene mudziwe kuti munthu akaleredwa waleredwa. Ine, NaNgozo, ndili pakati pa nyanja, ndikumwa madzi ngati ng'ombe ya m'chilimwe, ndinapalasa n'kumufulatira. Anasambira kuzungulira kuti andipeze kumaso, ine n'kutembenukanso. Iye uku, ine uko, tinkangozungulira ngati galu wofuna mchira wake. Ndinayankhula ndikuyang'ana chilumba, mwaulemu wonse, pakati pa kutsamwa.

"Zikomo bambo... tsogolani... ndikubwera pambuyo."

"Mubwera bwanji, amayi?"

"Pang'onopang'ono."

Kaputeni ankaseka mpaka kulephera kuponya chingwe. Thoko ankalira. Kenako ndinamva mawu aakulu kuchokera pabotipo, aNachisale atavula magalasi, atagwira chipewa m'manja.

"Asewele! Mwambowo tikaupeza kumtunda! Gwirani mwanayo!"

Asewele. Ngakhale madzi anali m'makutu, liwu limenelo ndinalimva bwinobwino, anali asanandiitanepo choncho. Ndikanakonda kukuuzani kuti ndi limene linandigonjetsa, koma ndisaname. Chinachake choterera chinandikhudza kuphazi. Kaya inali nsomba, kaya mbatatesi yanga yomwe, ine ndinaganiza ng'ona. Mwambo wonse wa makolo unathera pomwepo. Ndinamudumphira mkamwini pamsana, manja m'khosi, miyendo m'chiuno, ndikuitana mayi anga amene anagona kalekale. Mwana wa eni anamira, n'kutulukira, n'kumiranso, akungoti, "Amayi, khosi... khosi..." Anandibereka choncho mpaka pa makwerero, kaputeni n'kutikoka tonse awiri ngati usodzi wa tsiku limenelo.

Nanga tambala? Tambala anali pa chimtengo chopingasa cha thanga, wouma, nthenga zili bwinobwino. Sanagwe m'madzi n'komwe. Atandiona ndikukwera, anakupiza mapiko n'kulira kokoliriko, dzuwa lili pamutu.

Ndinakhala pabenchi ndikunjenjemera, madzi akuchucha, osatha kuyang'ana munthu. Ndinati basi, ukwati wa mwana wanga ndaumiza ndekha. Akafika ku Blantyre akanena kuti kwawo kwa mtsikanayo kuli amisala okwera akamwini pamsana. ANachisale anatsegula chikwama, anatulutsa chitenje chouma n'kundifunditsa, anatulutsa duku n'kundimanga okha kumutu, akubisa bwinobwino tsitsi langa la theka lija. Ndi limene munaliona Lamulungu.

Komabe mphatso ndi mphatso, iyenera kuperekedwa. Kaputeni anali atamugwira tambala n'kumumanga ndi mfundo ya panyanja yoti ngakhale satana sangamasule. Limbani anapisa m'thumba la kabudula wonyowa, anatulutsa mbatatesi ija, ndipo sanandipatse m'manja ayi, anaiika pansi pafupi ndi phazi langa n'kuyang'ana kumbali. Munthu amene ndinali nditangomukanyanga pakhosi! Ndinagwada, tambala uku, mbatatesi imodzi uku.

"Asewele, tinanyamula zambiri. Zafika ndi izi."

Analandira ndi manja awiri. Anayang'ana mbatatesiyo, milomo ikunjenjemera, anayesetsa ndithu mayi uja, kenako chinaphulika. Anaseka mpaka kukhala pansi, misozi mbwembwembwe, Thoko naye kulira kuja kunasanduka kuseka, ine ndemwe ndinayamba.

"Ine ndinkafunsa ngati kwanu kuli ulemu," anatero akupukuta m'maso. "Sindinkadziwa kuti ulipo wochita kumira nawo. Ankhoswe abwera. Koma chonde asewele, muuchepetseko pang'ono, mwana wamwamuna ndili naye mmodzi yekhayu."

Ankhoswe anabweradi, zonse zinayenda. Thoko akulumbira kuti sanajambule kanthu pafoni, koma ndimaona mmene azibale ake amandiyang'anira ndikatchula nsomba. Limbani akabwera kumudzi ndimapatukirabe kutchire tikakumana panjira, iyenso amapatukira mbali inayo, tonse awiri tili m'zitsamba kufunsana za moyo. Ndiye bambo ake a Thoko amangokhala pakhonde n'kumakuwa, "NaNgozo, mukubisala chiyani? Munthu munamukwera kale ngati bulu!"

Tsono ndanenetsa, ndipo mukhale mboni. Mng'ono wake wa Thoko akadzapeza wake, asewele adzabwere konkuno ku Champiti, adzakhale pamphasa, madzi ali m'ndowa, mkamwini ali kuseri kwa nkhokwe. Ine kukweranso chinthu chopanda tchire lopatukira, ayi ndithu, ngakhale mabwato ake atamanga pamodzi khumi.