Pulano Yanga ndi Ng'ombe za a Nzunga

Anzanga inu, mukamandiona lero ndikufunsafunsa ngati mlendo ndisanayambe ntchito iliyonse, ngakhale yomanga khola la nkhuku, musamayese kuti ndi ukalamba ayi. Ine ndidaphunzitsidwa ndi ng'ombe, ndipo phunzirolo lidalowera kumbuyo.

Idali nthawi ya nkhondo ija, ine ndili mlembi wamng'ono ku ofesi ya zaulimi ku Furancungo. Tsiku lina adandisankha kuti ndipite ku Tete kukaphunzira kakonzedwe ka ntchito zachitukuko, zimene tinkazitcha mapulojetu. Maphunzirowo adayenera kutenga masabata atatu, koma pa tsiku lachisanu ndi chinayi kudamveka kuti koluna, mdipiti uja wa magalimoto operekezedwa ndi asilikali, inyamuka mawa lake, ndipo wotsala adikira mwezi wathunthu. Aphunzitsi athu adangotseka buku pakati. Tidali titaphunzira kujambula mabokosi papepala, ntchito apa, ola lake apa, zipangizo zake apa. Mitu iwiri yotsala, wa kufunsa eni malo ndi wa kuganizira zimene zingalakwike, adati tikawerenge tokha kunyumba, chonsecho bukulo lidali limodzi ndipo lidali lawo. Dipuloma yokha ndiyo adatipatsa yathunthu, ya chidindo chofiira, ndipo ine ndidaiona ngati umboni woti nzeru zonse zalowa.

Posakhalitsa adanditumiza m'boma la Tsangano, kudera la Ntengo-Wambalame, kuti ndikakhale shefi, ndiye kuti mkulu, wa pulojetu. Kumeneko anthu ochokera m'midzi yotenthedwa adali atasonkhana malo amodzi kuseri kwa chitunda, nkhokwe zawo zitapsa pamodzi ndi mbewu. Koluna idatsitsa matumba makumi awiri ndi anayi a mbewu ya kachewere pa positu, kaofesi ka boma ka kumeneko, ndipo ntchito yanga idali yowafikitsa kwa anthuwo. Mvula idali itagwa kale, mbatata itayamba kuphuka maso m'matumba, ndipo mbewu ina sidali kubweranso chaka chimenecho. Sarijentu wa asilikali adandiuza mosapita m'mbali kuti atiperekeza mpaka katoloze ola basi, ndiye kuti dzuwa litangopendeka, ikakwana nthawiyo iye ndi anthu ake abwerera, ndipo thumba lotsala panjira lidzakhala la akutchire, adani aja otentha midzi. Kunena kwachidule, chakudya cha chaka chonse cha anthu amenewo chidali m'manja mwa munthu wa maphunziro a masiku asanu ndi anayi.

Kodi ndidaopa? Ndiope chiyani ine mwini dipuloma? Ndidakhala pansi masana onse ndi pensulo yofiira ndi yabuluu, ndidajambula pulano yokongola yoti ngakhale lero ndimaililira. Nditamaliza ndidaipinda bwinobwino n'kuiika m'thumba lakumbuyo la buluku langa latsopano. M'thumba lomwelo mudalinso kampukutu ka mchere kamene ndidachokera nako ku Tete. Masiku amenewo mchere udali wosowa kwambiri, moti sunkasiyidwa m'nyumba, unkayenda ndi mwini wake. Kampukutu kameneka mukakumbukire.

Ngolo zidali zinayi, ng'ombe zisanu ndi zitatu, za mabanja amene adatha kubisa ziweto zawo m'mapiri. Mkulu wawo adali a Nzunga, bambo wamtali wosakonda kulankhula, wa chipewa chodyeka m'mbali. Amayi odzathandiza kukweza matumba ankatsogoleredwa ndi a Nangozo, amene pakamwa pawo padali posiyana kwambiri ndi pa a Nzunga. Onsewa adafika m'mamawa nkhungu isanachoke, ng'ombe zili kale m'magoli, ndipo a Nzunga adandiuza mwaulemu kuti ng'ombe zimakoka bwino kukadali kozizira, tinyamuke. Ine ndidayang'ana wotchi n'kuwayankha kuti pulano ikuti sete ola, seveni koloko. Tidadikira. Sete ola itakwana ndidakwera pa thumba n'kuyamba kuwawerengera pulanoyo bokosi ndi bokosi, m'Chipwitikizi kaye kenako m'Chichewa, kuti wina asadzati sadamve. Pamene ndinkatsika dzuwa lidali litayamba kale kuluma pakhosi.

Kenako maso anga adagwa pa ng'ombe zija, ndipo ndidaona cholakwika chachikulu chimene anthu osaphunzirawa sadachione. Pagoli lililonse padali ng'ombe yaikulu ndi ina yocheperapo! Ku Tete adatiphunzitsa kuti zipangizo za mphamvu zofanana ziziikidwa pamodzi. Zoona, m'bukumo zipangizozo zidali mathirakitala, koma kodi mfundo si imodzimodzi? Ndidalamula kuti azimasule zonse, zazikulu zikhale ndi zazikulu zinzake, zazing'ono ndi zazing'ono.

A Nzunga adavula chipewa. "A shefi, ng'ombezi sizidziwana. Uyu Kanyoza adazolowera kumanzere chibadwire, ndipo amayenda ndi mnzake yekhayo. Mukamuika kumanja ndi mlendo, mwapha ulendo."

Ndidawaseka pang'ono, kuseka kuja kwa munthu wa dipuloma, n'kuwauza kuti ng'ombe ilibe manja, ndiye kumanzere ikudziwa bwanji? A Nzunga adavalanso chipewa chawo n'kuchita zimene ndidanena. A Nangozo adangoti kwa anzawo, mokweza ndithu kuti ndimve, ndadziwa kale adamanga nyumba yopanda khomo. Ine ndidachita ngati akunena wina.

Tidanyamuka, ngati kumeneko kunganenedwe kuti kunyamuka. Ngolo yoyamba inkayenda mokhotakhota ngati munthu wochokera kumowa, yachiwiri ng'ombe zake zinkagundana nyanga, yachitatu idaima n'kuyamba kulingalira. Pamene tinkafika pamphambano, pulano yanga idali itatsalira kale ndi maola awiri, ndipo sarijentu adali atayang'ana wotchi yake katatu. Apa m'pamene ndidatulutsa chida changa chomaliza, mapa akale a m'nthawi ya Apwitikizi. Njira imene a Nzunga ankafuna inkazungulira pamwamba pa chitunda, koma pamapapo padali kanjira kowongoka kodutsa pakati pa dambo, kotalika theka chabe. A Nzunga adati dambolo pamwamba pake ndi udzu koma pansi ndi phala, ndipo kuyambira pamene mvula idagwa palibe ngakhale mbuzi yadutsapo. Ine ndidawaonetsa mzere wapamapa ndi chala. Kodi pepala lodinda boma linganame?

Ngolo yoyamba idalowa m'dambomo mwaulemu, idayenda pang'ono, kenako mateyala onse awiri adangoti phwa mpaka m'chiuno. Yachiwiri, imene inkakokedwa ndi Kanyoza ndi mlendo wake uja, idatsatira kumbuyo n'kumiranso. Ine ndidati mtsogoleri amaonekera pamavuto. Ndidavula jekete, ndidalumphira m'matope, ndidawerama n'kuyika phewa kumbuyo kwa ngolo yoyamba ija, n'kufuula kuti onse akankhe. Miyendo yanga idamira mpaka m'maondo moti sindikadatha kusuntha ngakhale ndikadafuna, msana uli chowerama, buluku langa latsopano litaloza kumene kudali Kanyoza.

Choyamba ndidamva mpweya wofunda kumbuyo. Kenako ndidamva chinthu chonyowa, chokhakhala, chikupalasa thumba lija. Ndisanatembenuke n'komwe, Kanyoza adali atanunkhiza mchere, adaluma thumba lonse n'kukoka mutu m'mwamba, ndipo phokoso limene lidatuluka pamenepo ndikhulupirira lidamveka mpaka ku Furancungo. Buluku lidang'ambika kuyambira palamba mpaka kuseri kwa bondo! Ine ndidagwa chafufumimba m'matope, ndipo nditadzutsa mutu ndidaona Kanyoza akutafuna modekha, maso atatsinzina, mchere, thumba ndi pulano yanga zonse pamodzi. Kangodya ka bokosi lofiira kadatsalira pamlomo pake, kenako adakanyambita.

Woyamba kuphulika ndi phwete adali msilikali wina, mpaka adakhala pansi mfuti ili pamiyendo. Amayi adatembenukira kumbali monga mwambo ufunira, koma mapewa awo ankagwedezeka onse. Ine manyazi adandigwira moti ndidalakalaka dambolo litangondimeza ndithu. Koma pansi pa manyaziwo padali mantha enieni, chifukwa ndidaona matumba a mbewu akunyowa, dzuwa lili pamutu, ndipo ndidadziwa kuti anthuwa akagona ndi njala chaka chino adzakhala atagonetsedwa ndi ine.

A Nangozo adamasula kapulana, nsalu yawo yapamwamba ya maluwa achikasu, n'kundiponyera ali chipenyere kumbali. "Fundani a shefi, boma lisaonekere poyera."

Ndidadzikulunga, ndidazula miyendo m'matope nsapato imodzi itatsalira komweko, ndidapita kwa a Nzunga n'kuwauza kuti pulano yatha, andiuze iwo chochita. Adandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumaluwa achikasu aja osaseka ngakhale pang'ono.

"Purontu, basi zakonzeka," adatero. "Tsopano tiyambe ntchito."

Anzanga, zimene ndidaona pamenepo! Ng'ombe iliyonse idabwezedwa kwa mnzake ndi kumbali yake, ndipo zomwe zija zinkagundana nyanga zidangokhala ngati zina. Amuna adadula nthambi n'kuziyala pansi pa mateyala, magoli awiri adamangidwa pa ngolo imodzi, a Nzunga adaitana ng'ombe iliyonse ndi dzina lake, osakweza mawu, osakwapula. Ndipo pano ndiloleni ndidzitameko pang'ono, pakuti ka nzeru kamodzi ka ku Tete kadagwira ntchito. Ndidakumbukira kuti ntchito ziwiri zosadikirana zingathe kuchitika nthawi imodzi, ndiye ndidafunsa, taonani, ndidafunsa, ngati amayi sangayambe kusenza matumba kutuluka nawo m'dambo pamene amuna akulimbana ndi ngolo. A Nangozo adati imeneyo ndi nzeru yoyamba kutuluka mwa ine chifikire. Tidaima mzere n'kumapatsirana, ine ndili pakati ndi kapulana yanga, ndipo ngolo zitapepuka zidatuluka ngati zikusewera.

Chidatsala ndi nthawi. Njira ya pachitunda sikadatifikitsa katoloze ola isanakwane, ndipo pa gulu lonselo wodziwa kulankhula ndi asilikali m'chinenero chawo cha ntchito ndidali ine. Ndidapita kwa sarijentu uja, phazi limodzi lili ndi nsapato, dzanja limodzi litagwira mfundo ya kapulana, ndidaima njo n'kupempha m'Chipwitikizi chabwino kwambiri chimene ndidalankhulapo m'moyo wanga kuti atiwonjezere ola limodzi. Ndidamuuza kuti ndalakwa ndine, anthuwa asafere uchitsiru wanga. Iye adayesa kuumitsa nkhope, adalephera, adapukuta misozi, n'kunena kuti chiyambire nkhondo sadasekepo chotere, ndipo munthu amene wamuseketsa sangamukanize ola limodzi.

Tidalowa m'mudzi muja olalo lisanathe, matumba onse makumi awiri ndi anayi, popanda ngakhale limodzi lotsala panjira. Anthu adatuluka kudzatichingamira, nthungululu zili pakamwa, ndipo a Nangozo adaumirira kuti shefi wa pulojetu akwere pamwamba pa ngolo yoyamba. Ndidakwera. Ndidalowa ngati mkwatibwi, matope atauma kumaso, maluwa achikasu akupepezeka, ndipo ndikuuzeni zoona, sindidanyadirepo chinthu china chilichonse monga ndidanyadira tsiku limenelo. Mbewuyo idabzalidwa yonse sabata yomweyo.

Kachewere adabereka mochititsa kaso, moti pa nthawi yokumba administiradolo, mkulu wa boma lonse la Tsangano, adabwera yekha kudzaona. Adayendera minda, adandigwira chanza pamaso pa anthu, kenako adandiika pamoto. Adati ntchito yoyenda bwino chonchi iyenera kukhala chitsanzo, ndimupatse pulano imene ndidagwiritsa ntchito kuti aitumize ku Tete ena akaphunzirepo. Ine ndidangoyang'ana nsapato zanga zobwereka. A Nzunga, munthu wosakonda kulankhula uja, adavula chipewa n'kuyandikira.

"Kamarada administiradolo, pulano ya a shefi ili m'munda momwe muno. Idatuluka mwa Kanyoza mawa lake, ndiye tidaithira pamzere uwu." Adawerama n'kuzula phando limodzi, mbatata zake zikulendewera zazikulu ngati zibakera. "Taonani nokha. Idali pulano yamphamvu."

Administiradolo adaseka mpaka adatsamira pa ngolo, ndipo ine ndidaseka nawo, nanga ndikadatani? Madzulo ake ndidalemba pulano ina, yotsata mmene a Nzunga adayendetsera zinthu, ndipo ndiyo idapita ku Tete. Bokosi lake loyamba lidalibe ola, mudangolembedwa kuti funsani eni ng'ombe.

Chichokere tsiku limenelo ndayendetsa ntchito zambiri, milatho, zitsime, nkhokwe, ndipo sindinajambulepo mzere ndisanakhale pansi ndi eni malo. Ndidalumbira zinthu zitatu: sindidzalekanitsanso ng'ombe ndi mnzake, sindidzakhulupiriranso njira yachidule ya papepala mvula itagwa, ndipo mchere, ngakhale lero uli wosasowa, ndimauika m'thumba lakutsogolo.