Gulu la Tizilombo

Mpaka lero alamu anga akandiona amayamba afunsa ngati mbozi zachepa mu kompyuta. Ndimangoseka nawo, poti ndinaziyamba ndekha.

Alamuwo amaphunzitsa pakoleji ina ku Blantyre. Chaka chatha anandipatsa ganyu: anatumiza mulu wa malipoti a kafukufuku wokhudza mapulogalamu a kompyuta aja aliyense amaloledwa kuwatsegula, kuwasintha ndi kugawira anzake mwaulere. Ine ndiwaike m'magulu malinga ndi nkhani zake. Ndikachita bwino, andilankhulira kwa abwana awo za ntchito.

"Mukwanitsa, mlamu?"

"Musadere nkhawa," ndinatero ine (munthu wa dipuloma ya zaulimi, wolima thonje kwa Maseya ku Chikwawa).

Lipoti loyamba ndinaliwerenga lonse pansi pa mtondo, thukuta lili kamukamu, osatolapo kanthu. Ndiye ndinati basi, ndizingowerenga mitu.

Apa ntchito inayenda ngati bwato lotsata madzi. Mitu yambiri inali ndi mawu oti "bug", omwe kusukulu tinaphunzira kuti ndi kachilombo. Ndinatsegula gulu la Tizilombo. Ina inkatchula "Python", nsato imene. Gulu la Njoka. Nditaona "open source" ndinawamva ngati kasupe wotseguka, n'kukumbukira zitsime zosavindikira za kudimba, koma poti mawuwa anali paliponse, ndinaganiza kuti azungu nawonso madzi akuwavuta, n'kuwasiya. (Inde, ndinadabwako pang'ono, koma kudabwa kwake kosandiimitsa.)

Ndinatumiza monyadira. Alamu, pondikhulupirira, anangopititsa kwa abwana osatsegula.

Mawa lake foni inalira.

"Mlamu," anatero motsitsa mawu, "njokazi mwazitenga kuti?"

Anandifotokozera kuti Python ndi chilankhulo cholembera mapulogalamu, ndipo bug ndi cholakwika cha mu pulogalamu. Ndinaona ntchito ikupita, ulemu wa alamu ukupita, mlongo wanga akundikana.

Kenako ndinamva wina akuseka chapatali. Anali abwana aja, mayi wa ku Nsanje, ndipo analanda foni.

"Pyadidi, zili bwino, mwananga," anatero. "Onse a zolakwika ali pamodzi, onse a chilankhulo chija ali pamodzi. Musinthe maina okha. Koma otsalawo muwawerenge ndithu."

Ndinakhala pansi pomwepo, padothi, n'kupuma ngati ng'ombe yomasulidwa pangolo.

Otsalawo ndinawawerengadi, mpaka udzu unamera m'thonje langa, ndipo ntchito ndinaipeza. Masiku ano mawu achilendo ndimafunsa kaye. Kupatula sabata yatha, pomwe ananena kuti tikambirana za "cookies", ine n'kupita kumsonkhano osadya, poyesa kuti kukakhala mabisiketi.