Mfuti ya a Trifon Imene Inkafupika Chaka ndi Chaka

Kwathu kuno ku Kamenitsa mukafunsa za malemu a Trifon, palibe amene angayambe n'kukuuzani kuti anali mlenje, ngakhale chiphaso cha ulenje anali nacho ndipo chipewa cha nthenga ankavula pokhapokha polowa m'tchalitchi. Aliyense amayamba ndi mfuti yawo. Anthu ena akamakalamba amafupika msinkhu. A Trifon anakalamba ali chiwongokere, imene inkafupika inali mfutiyo.

Inali ya malemu bambo awo, ya mpope wautali moti mlamu wawo Velko ankati ukhoza kugwetsera maplamu uli chikhalire pakhonde. Velkoyu ndi mlongo wamng'ono wa mayi Penka, akazi awo a Trifon, ndipo nayenso ndi mlenje. Pa nkhani ya mfuti anali ndi chikhulupiriro chimodzi chokha: mpope uzikhala wautali. Ankati chipolopolo chimafuna msewu woti wonga uchikankhiremo mpaka kumapeto, ukaufupikitsa chimatuluka chisanakhute liwiro. Yake inali yaitali ndipo ankayinyadira kuposa ana ake.

Zonse zinayamba ndi nguluwe. Inalipo ina yaimuna, yaikulu, imene tinkaitcha Ameya chifukwa inkadya m'munda mwa aliyense popanda woifunsa. Munda wa mbatatesi wa mayi Penka uli m'mphepete mwenimweni mwa nkhalango, ndipo mbatatesi imeneyo ndiyo inkawadutsitsa chisanu chonse. Ndiye tsiku lina ku uzimba Ameya anadutsa pamphuno pa a Trifon m'ziyangoyango. A Trifon pokweza mfuti, mpope unakola m'nthambi. Pamene ankaukolola n'kuti kwatsala kamchira kokha kakugwedezeka kutali.

"Mpope uwu watalika," anatero a Trifon pobwerera.

"Mpope ulibe mlandu, alamu. Munali kusenda dzira lowiritsa, ndinakuonani."

"Ndiudula pang'ono. Chala chimodzi basi."

"Mukadula, liwiro lithawa."

"Lithawa lochuluka bwanji?"

Velko sanadziwe. Mpaka lero amadandaula kuti bwenzi atangonama, n'kutchula nambala iliyonse, chifukwa funso limenelo ndi limene linadya moyo wonse wotsala wa mlamu wake.

A Trifon sankagula zipolopolo za m'sitolo. Ankati zimenezo ndi za anthu aulesi, omwe aja amagulanso rakiya, kachasu wa kwathu kuno, wa m'botolo lomatidwa mapepala m'malo motcheza wawo. Ankadzaza okha m'kashedi kawo: kutsuka zigoba zamkuwa, kuyeza wonga pakasikelo mosamala ngati mankhwala a khanda, kenako kukhazika chipolopolo pamwamba. Tsopano anaitanitsa ku tauni kamakina koyezera liwiro, kamene chipolopolo chikadutsa pamwamba pake kamalemba nambala pakagalasi. Anaika tebulo kumapeto kwa munda wa mbatatesi, moyang'ana chitunda cha dothi m'munsi mwa nkhalango. Kuyambira pamenepo mudzi sunafunenso wotchi. Dzuwa likapendeka, a Trifon ankayamba kuwomba.

Ntchito yake inali yosatha, ndipo ndikhulupirira n'chifukwa chake ankaikonda. Ankadula chala chimodzi ndi sowo, n'kusalaza pakamwa pa mpope ndi tupa, n'kuwomba. Liwiro linkatsika pang'ono. Likatsika, wonga wakale sunalinso woyenera, ndiye ankayamba kusintha muyeso, lero kuwonjezera, mawa kuchotsera. Akaupeza, ankafuna kudziwa kuti nanga atadulanso chala china zingakhale bwanji.

"Bambo, nanga nguluwe ija?" ankafunsa mayi Penka ali pazenera.

"Ndikuikonzekera, mayi. Munthu sapita kwa Ameya ndi chipolopolo chosadziwika liwiro."

"Mbatatesi ikatha tidzadya manambala anuwo."

Koma mbatatesi sinkatha. Minda ya kutsidya kwa mtsinje inkafukulidwa chaka ndi chaka, wa mayi Penka wokhawo, woyandikana kwambiri ndi nkhalango, unkatsala. Anthu anagwirizana kuti nguluwe nazo zimaopa pakamwa pa mayi Penka, ndipo eni akewo sanakane.

Nyama yoyamba imene a Trifon anapha m'moyo wawo inali kamakina kaja. Anatsitsa mpope pang'ono, chipolopolo n'kulowa pakagalasi penipeni. Velko analipo, ndipo sanachedwe kuitana alenje onse. Mukudziwa mwambo wathu: munthu akapha nyama yake yoyamba timamugoneka pa nyamayo, n'kumukwapula ndi kandodo kumbuyo, kenako amathira rakiya wa onse. A Trifon anagona pa zidutswa za makinawo popanda kulimbalimba, mdala wa imvi, chipewa chili kumutu.

"Musanyoze," anatero podzuka akusisita pamene panadutsa ndodo. "Ndakalasa pachipumi, sikanavutike n'komwe. Ndani wa inu anaphapo nyama mwaukhondo chonchi?"

Podikira kamakina kena mudzi unakhala zii kwa milungu ingapo, ndipo m'masiku amenewo mizere ingapo ya mbatatesi inafukulidwa. Palibe amene analumikiza zinthu ziwirizi. Madzulo a tsiku limene makina atsopano anafika, a Trifon atakhala patebulo, mfuti ili yodzaza, Ameya anatulukira pamwamba pa chitunda n'kuima, ngati munthu amene wabwera kudzaona ngati phokoso lija lathadi.

"Alamu," ananong'ona Velko. "Si awo."

"Ndawaona. Aima molakwika, ali kunja kwa makina."

"Wombani basi."

"Chipolopolo ichi ndi chomaliza cha muyeso watsopano. Ndikachitaya pa nguluwe ndiye kuti ndiyambirenso pachiyambi."

Anatsitsa mfuti, n'kuwomba m'chitunda bwinobwino, n'kuwerama kuti awerenge nambala. Ameya anathawa ndi miyendo yonse. Velko sanawalankhulitse mlamu wake mpaka Pasaka.

Mpope utafupika ndithu, mfuti ija inasintha mawu. Wonga wa a Trifon unali wa mtundu woyaka pang'onopang'ono, woyenera mpope wautali, ndiye wambiri unkapsera kunja. Mfuti inkalavula moto ngati ng'anjo, ndipo kulira kwake kunkagwedeza mawindo mpaka kwa ansembe. Tsiku lina Velko anayandikira mbali kuti aone nambala yekha, poganiza kuti alamu ake amamunamiza. Anabwerera ndi ndevu za mbali imodzi.

"Alamu, ndevu zanga."

"Waona? Wonga wonse uwo umayenera kupsera mkati. Ndiye kuti ndisinthe mtundu. Zikomo mlamu, ndevu zako zandiuza zimene makina amandibisira."

Amene anaimitsa sowo anali wapolisi woyendera mfuti za alenje. Anaika tepi pampope, anayang'ana a Trifon, n'kuyezanso kachiwiri.

"Agogo, papepala pano akuti mfuti yaitali. Mbali inayo ili kuti?"

"Ili m'chitini m'shedimo. Zidutswa zonse zilipo, sindinatayepo."

"Mukadulanso chala chimodzi, iyi sikhalanso mfuti yaulenje, ndipo ndidzaitenga."

Sowo anakolekedwa pamsomali. A Trifon anapitiriza kuwomba madzulo aliwonse, koma ankaoneka ngati munthu amene akudya ndiwo zopanda mchere. Chisanu chotsatira chifuwa chinawagwetsa pabedi, ndipo Velko ankabwera masana kudzawawazira nkhuni ndi kudzakangana nawo, poti mankhwala ena analibe.

"Mlamu, sendera kuno," anatero a Trifon tsiku lina. "Yankho lija ndalipeza."

"Yankho lanji?"

"Utali woyenera. Wosakola m'nthambi, koma liwiro likadalipo lokwanira Ameya."

"Ndiye ndi uti?"

"Ndinaudutsa kalekale, chaka chimene unapsa ndevu chisanafike. Sowo vuto lake n'lakuti sabwerera m'mbuyo." Anatsokomola, kenako anamwetulira. "Koma ndikanadziwa bwanji ndisanaupitirire?"

Velko anali ndi mawu okonzeka, aja anawasunga zaka zonsezi, akuti ndinakuuzani. Sanawanene. Anangowakonzera bulangete.

A Trifon tinawaika m'manda chipale chofewa chisanasungunuke. Alenje anawomba m'mwamba pamanda monga mwa mwambo, ndipo utsi utatha tonse tinangoima, ngati tikudikira wina atiuze liwiro lake. Mfuti ija anadzaitenga apolisi, poti mayi Penka alibe chiphaso.

Chilimwe chimenecho mudzi unali chete moti zinkapweteka. Dzuwa linkapendeka popanda wolilengeza, amayi ankachedwa kuteleka, agalu ankagona tsiku lonse osadziwa nthawi youwa. Aja ankadandaula za mawindo awo anayamba kumayang'ana chakumunda kwa mayi Penka nthawi ya madzulo, n'kumanamizira kuti akuona nyengo. Tinawasowa a Trifon, ndipo tinachita manyazi kuti chimene tinasowa kwambiri chinali phokoso lomwe tinkawatukwanira.

Mbatatesi itayamba kukhwima, m'mawa wina mayi Penka anapeza theka la munda litatembenuzidwa ngati padutsa thirakitala. Kaya anali Ameya omwe aja kaya mdzukulu wawo, udindo umenewu susowa munthu. Velko anabwera n'kuima pambali pa mlongo wake. Anayang'ana mapazi a nguluwe, anayang'ana tebulo lija limene tsopano linali litamera ndere.

"Achemwali," anatero pang'onopang'ono, "zaka zonse zija sizinkaopa pakamwa panu ayi."

"Ndikudziwa," anayankha mayi Penka. "Ndaulalatira munda uno kuyambira mwezi watha. Sizikumva."

Theka lotsalalo ndilo linali chakudya chawo chonse cha chisanu. Madzulo a tsiku lomwelo Velko anafika ndi mfuti yake yaitali ija, anapukuta tebulo ndi chipewa, n'kukhala pampando wa alamu ake. Anawomba m'chitunda kangapo. Khwangwala mmodzi anauluka, n'kubwereranso pamtengo womwewo.

Mayi Penka anamvetsera ali pazenera, mutu uli chopendeka.

"Iwe Velko, yakoyo ikulira mwaulemu kwambiri. Kwa ansembe sikumveka n'komwe. Ameya sangathawe zimenezo."

"Ndi mpope wautali, achemwali. Wonga wonse umapsera mkati, mmene zimayenera kukhalira."

Mayi Penka anatuluka, analowa m'kashedi ka amuna awo, n'kubwera atanyamula sowo uja. Anamuika patebulo pafupi ndi chigongono cha Velko, n'kubwerera kukhitchini osacheuka.

Velko anakhala nthawi yaitali akuyang'ana mpope wake. Kenako anapukuta m'maso ndi mkono wa malaya, anagoneka chala chimodzi kumapeto kwa mpopewo, n'kulembapo chizindikiro ndi msomali.