Chinsinsi cha Alendo Amene Sanagone Pano

Lolemba

Mphepo yachokeranso kumgodi. Fumbi pamawindo, fumbi m'mano. Ndasesa zipinda zitatu za alendo, ngakhale simunagonemo munthu chichokereni wogulitsa matayala uja.

Koma nkhani yabwino! Anthu atatu a bungwe lina la ku Lusaka akubwera Loweruka kudzayeza mtovu wa m'fumbi la kumgodi m'magazi a ana a muno m'Chowa. Akufuna kukhala pano mwezi wathunthu. Mayi wowatsogolera akuti bungwe lawo sililola ndalama zapamanja. Ayenera kusungitsa malo pa webusaiti n'kulipira ndi khadi.

Webusaiti ndili nayo. Anandipangira alamu anga a Gelevazio, amene anali kalaliki kumgodi, pano ali ndi kashopu ka intaneti m'tauni. Vuto ndi kampani yolandira ndalama za khadi. Ikuti siinditsegulira akaunti mpaka ndiike tsamba lofotokoza mmene ndimasungira chinsinsi cha alendo.

Akalipira ndigula:
simenti ya pabwalo, mwana wanga Tereza aleke kusewera padothi
chitseko cha bafa
simenti ina

Lachiwiri

A Gelevazio akuseka. "Mlamu, izi sitilemba, timakopa chabe." Posakhalitsa tsamba lakwera. Chingerezi chake chonona ngati cha loya! Sindikuliwerenga, ndikuthamangira minibasi.

Kunyumba Amai akufunsa kuti chinsinsi cha alendo n'chiyani. Ndikufotokoza. Akuti, "Oho, ngati cha aphunzitsi aja anabwera ndi mkazi wosakhala wawo?" Akufunsa ali pampanda, bana Mutale oyandikana nafe atatchera khutu.

Lachitatu

Kampani yatikana! Kani tsamba lija a Gelevazio analitenga kwa dokotala wa mano wa kunja. Likulonjeza kuti zithunzi za nsagwada za alendo tidzazisunga bwino.

Ndikulemba ndekha, zoona zokhazokha. Mafunso a kampani:

Mumatenga chiyani kwa mlendo? Dzina, foni, nambala ya chiphaso.
Mumasunga kuti? Pakompyuta yapakona kwa a Gelevazio, imene ana a sukulu amaseweretsa.
Amaona ndani? Ine ndi a Gelevazio. Amai saona, amangodziwa.
Mlendo akafuna kuti mufufute? Kompyutayo imafufuta yokha magetsi akathima.

A Gelevazio agwira mutu. Akuti zoterezi sizingadutse. Aika mawu achinsinsi pakompyuta, athamangitsapo ana, ndipo mayankho anga tawaveka jekete. Tatumiza.

Lachinayi

Magetsi kulibe kuyambira m'mawa. Ndakhala pabenchi ya kashopu mpaka msana kuwawa. Atayaka, yankho lilipo: tsamba lili bwino! Ndatsala pang'ono kuvina. Koma m'munsi mwake akuti adiresi ya patsambalo igwirizane ndi pepala losonyeza kuti nyumba ndi yanga.

Nyumbayi Atate anaigula mgodi utatsekedwa, anawadula pandalama zawo zopumira ntchito. Pepala lake anamwalira akulidikira. M'mabuku a boma nyumba idakali ya mgodi, ndipo mgodiwo kulibe. Ndikukhala m'nyumba ya malemu awiri.

Lachisanu

Ku ofesi yoona za nyumba. Mzere. Kutentha. Wosunga mafaelo wapita kumaliro. Mnzake akuti faelo ya Atate mwina ili ku Lusaka, mwina inanyowa ndi mvula. "Mubwere mwezi wamawa, mayi."

Ndatumizira kampani zonse zimene ndapeza m'sutikesi:
bilu ya madzi
kalata yanga ya ubatizo
chithunzi cha Atate ataima pakhomo, chisoti cha kumgodi kumutu

Mayi wa ku Lusaka waimba foni. Mawu ake ofewa mopitirira. Ndadziwiratu. Apeza malo ku Highridge, kumene kuli kapinga pabwalo ndi makina a khadi patebulo. Akupepesa, ine ndikuwathokoza. Ndikuthokoza chiyani?

Loweruka

Abwera ndithu, koma kudzayeza basi. Tenti pabwalo la tchalitchi. Ndapita ndi Tereza. Andisainitsa pepala lolonjeza kuti zotsatira za mwana n'zachinsinsi. Lolembedwa bwino bwanji! Ndikuliwerenga ndi nsanje.

Namwino wanditengera pambali, akunong'ona: mtovu wachuluka kwambiri, mwana asasewere padothi, azisamba m'manja pafupipafupi. Kenaka watengera pambali bana Mutale, akunong'ona. Kenaka wotsatira. Tonse tikutuluka mutentimo ndi nkhope imodzi, ndipo palibe akufunsa mnzake.

Tereza akungodandaula chala chimene amubaya.

Amai lero sanapite pampanda. Akolopa nyumba yonse.

Lamulungu

Misa. Ulaliki sindinaumve. Tereza ndamuletsa kutuluka, akulira pawindo poona anzake akuthamangitsana m'fumbi.

Masana kwabwera amuna atatu okumba miyala pachulu cha zotsalira za mgodi. Akufuna zipinda, azilipira pamanja sabata ndi sabata. Nsapato zawo zakuda bii. Ndikudziwa chimene chamatirira kumeneko. Ndavomera, bola azivulira kunja kwa geti. Simenti ndizigula thumba limodzilimodzi.

Tili pomwepo, a Gelevazio atulukira thukuta lili kamukamu, akugwedeza pepala m'mwamba. Kampani yalandira bilu ya madzi! Yatitsegulira! Akuti tiyese tsopano lino, wina alipire kangachepe tione ngati zikuyenda.

Tikuyang'anana: ine, iwo, Amai, amuna aja ali ndi nsapato m'manja.

Palibe ali ndi khadi.