Mlamba Umene Udameza Kuponi Yanga

A Chimphako, ndakuonani mwapotoza kale milomo ine ndisanayambe n'komwe. Siyani kaye kusoka fodyayo mumvetsere, ndipo amene apeze bodza pa zimene ndinenezi anditengere kwa abusa, ndikabwereze pamaso pawo.

Chaka chimenecho makuponi a feteleza adavuta, koma dzina langa lidatuluka. M'mawa mwake ndidavala malaya amene ndidasungamo kuponiyo n'kuuyamba wa ku depoti, dzuwa lili phwee, ndiye pofika pa damu la esiteti ya kuseri kwa Lukwa ndidawerama kuti ndisambe kumaso, pepala lija n'kupulumuka m'thumba, ndisanatambasule dzanja kamlamba kochepa ngati chala changachi kadatulukira n'kulimeza. Ndidakhala pansi. Popanda feteleza munda wanga umabereka zitsononkho zokha, ndipo mkazi wanga, a Nabanda, akadamva akadandimangira katundu tsiku lomwelo. Ndidabwerera n'kukawauza kuti ku depoti mzere ndi wautali.

Tsono kuponi imeneyo inali ya matumba onse awiri, wokulitsa ndi wobereketsa. Mukumva? Wokulitsa adayamba kugwira ntchito. Sabata isanathe madzi adasefukira mvula isanagwe, amayi ochapa adathawa ataona ndevu za mlamba uja zikutuluka tsidya lino mchira ukuvundula matope tsidya linalo, kenaka wobereketsa naye adagwira, timilamba tidadzaza damu lonse mpaka ng'ombe za pa esiteti zinkawoloka poponda pamisana pake osanyowa ziboda.

Ndidakauza mnzanga Makawa, tenanti wochokera ku Mulanje, amene ankati kwawo nsomba amazidziwa. Mbedza tidasula ndi khasu lakale, nyambo tidaika tambala wathunthu, chingwe chinali cha ngolo. Kukola idakola. Koma nsomba yotere siinyamulidwa ndi chingwe, imaduka mlomo n'kupita. Pamafunika ukonde wa mpini, uja timavuulira nsomba ikafika m'mphepete, ndipo apa ndi pamene mlenje amasiyana ndi wongoyesa.

Makawa adabwera ndi neti ya udzudzu. Ndidamuuza kuti maso ake ndi ang'ono, madzi satuluka, iye osamva. Titanyamula tidatunga theka la damu, achule, nkhanu ndi ndowa za anthu zotayika kalekale, nsomba ili phee pambali kutiyang'ana. Adayesa chiguduli cha mabelo, chidamwa madzi n'kulemera ngati mtembo wa mvuu. Ndiye ndidati pumulani achimwene, muone za ku Kasungu. Ndidakamasula ukonde wa pagolo ku bwalo la mpira, wa maso aakulu, wakuya bwino kuti nsomba ikalowa ipindike isapeze podumphira, mkombero ndidatenga limu ya gudumu la thirakita, mpini ndidazula mzati wa bulugama wa chigafa changa chomwe, chigafacho n'kukhala chiimire ndi mwendo umodzi podikira kuti ndibwere.

Ana a masiku ano mumathamangitsa nsomba ndi ukonde kumchira. Kulakwa kumeneko. Ukonde umamira kaye m'madzi n'kukhala chete, nsomba ndiyo imabwera yokha, mutu patsogolo. Makawa ankakoka chingwe pang'onopang'ono, ine ndili m'madzi a m'khosi, mutu udalowa, mimba idalowa, ndiye ndidatsamira mpiniwo ndi mphamvu zanga zonse, bulugama adapindika mpaka nsonga ziwiri zidapatsana moni, powongoka adaiponya nsomba m'mwamba pamodzi ndi ine amene, tidadutsa pamwamba pa phiri la Kasungu, anthu a pa Boma adaanula zovala poyesa mtambo wa mvula, tikuzungulira cha ku Mtunthama ine ndikuwongolera ndi ndevu zake ngati zingwe za bulu, mpaka tidakatera m'munda mwanga momwe, ndipo pophupha pake idandiungira mizere munda wonse, yowongoka kuposa ya alangizi. Mukumva inu?

Tidaitumbula ndi nkhwangwa. Ndidalowa m'mimbamo ndi tochi, mudzi wonse utaima ndi mabeseni, mpaka ndidalipeza pepala lija litakanirira kuseri kwa chiwindi. Ndikutuluka, ndidangoona a Nabanda ataima, manja m'chiuno.

"Bambo a Tadala, mukufuna chiyani m'matumbo a nsomba?"

Ndidaulula kuti kuponi. Iwo adanena mosakweza mawu kuti kuponi adaichotsa m'malaya tsiku lomwe ndidabwera nayo, poopa kuti ndikadutsa nayo kwa mavenda, ndipo feteleza adakatenga kale ndi achimwene awo, matumbawo ali kuseri kwa chitseko kwa amayi awo.

Ndidafunyulula pepala lija anthu onse akuona. Kanali kachidutswa ka nyuzi kamene ndinkapichirira chingambwe, kokhala ndi chithunzi cha thumba la feteleza.

Sekani, a Chimphako, sekani ndithu. Koma ganizani bwino: nsomba imeneyo idakula chonchija ndi chithunzi chabe. Ikadameza kuponi yeniyeni, bwenzi lero fodyayu mukumusokera m'bwato.