Tsiku lomwe ndinatsina apongozi

Pali manyazi ena omwe munthu amapita nawo kumanda. Awa ayi, komboni yonse ya Kanyama inaonerera, ndiye ndibisiranji?

Inali nyengo ya mvula, kolera ili m'kamwam'kamwa. Ine n'kuti nditangochita ka workshop ka ma volunteer ku kiliniki. Anatipatsa T-shirt n'kutiphunzitsa kanthu kamodzi: ukatsina khungu la munthu n'kulisiya, liyenera kubwerera msanga. Likaima, ndiye kuti madzi atha m'thupi. Basi, kuchokera tsiku limenelo ndinkayenda ngati dokotala.

Loweruka lina ndinapita kukaonekera kwa mayi a Mwila, chibwenzi changa. Bana Mwila, monga amawaitanira, ndi mayi a kwaya, osaseka ndi munthu, ndipo ananeneratu kuti mwana wawo sadzakwatiwa ndi chidakwa. Mwila anawalumbirira kuti ine mowa sindiudziwa n'komwe. Zoti dzulo lake anzanga anachita kundinyamula pochoka ku bar ku Chawama, pakhomopo ankadziwa ndi Mwila yekha.

Mayiwo ndinawapeza atangofika kuchokera kumsika komwe amagulitsa tinsomba ta kapenta. Titapatsana moni anati atopa, n'kutsamira pampando, tulo n'kuwaba. Mwila anali panja pa mbaula. Ndikayang'ana maso a mayiwo, olowa. Milomo, youma. Udokotala unandikwera m'mutu, ndinaiwaliratu kuti apongozi sakhudzidwa. Ndinasendera n'kuwatsina kuseri kwa dzanja.

Khungu linaima njo, ngati tenti ya pamaliro!

“Kolera!” ndinakuwa.

Anadzidzimuka. “Imwe batata, mwanigwira?”

“Bamayo, osakamba, muzasiliza mphamvu! Mwila, leta wilibala!”

Payadi panagwa chipwirikiti. Azimayi anakoka ana awo n'kutseka zitseko. A landilodi anatulukira ndi chigubu cha klorini n'kuthira paliponse, mpaka m'beseni la kapenta wogulitsa. Amuna awiri, atavala mapulasitiki m'manja, anawanyamula mayi aja n'kuwaika mu wilibala.

“Sinidwala ine! Nisiyeni!”

“Ni mwamene bamakambira bonse,” ndinauza khamu lomwe linkatitsatira, uku ndikukankha wilibala m'matope. Mwila ankabwera pambuyo akulira, sindikudziwa ngati ankalirira mayi ake kapena ine.

Ku kiliniki nesi anatichingamira pakhomo. “Bamayo, mwatsegula m'mimba? Musanza?”

“Awe! Nenze gone chabe!”

Ine ndinalowererapo monyada. “Ba Sister, nachita kale test. Onani.” Ndinawatsinanso mayi aja. Kachiwiri, anthuni, pamaso pa gulu!

Nesi anaphulika kuseka. “Uku ni kukula chabe, na zuba ya pa market. Khungu ya bakulu sibwelela mwamsanga.”

“Kukula? Ine?” anatero Bana Mwila, mayi amene imvi zawo amazipaka dayi mwezi ndi mwezi. Diso lomwe anandiponyera sindidzaliiwala.

Apa nesi anafuna kuphunzitsa anthu. “Bonse onani mwamene ya munyamata imabwelelera.” Anagwira dzanja langa, n'kutsina, n'kusiya.

Khungu langa linaima.

Tonse tinaliyang'ana. Mumtima ndinalipempha, ndinalichonderera, koma linkatsika mwaulesi ngati lilibe kopita. Nesi anasendera pafupi, n'kununkhiza mpweya wanga, n'kukwinya mphuno.

“Imwe ndimwe mulibe manzi m'thupi. Iyi ni babalazi, matsire ya moba! Munamwa vingati mailo usiku?”

Bana Mwila anatsika okha mu wilibala, n'kumanga bwino chitenje, n'kugwira mwana wawo padzanja.

“Ba Sister, bapaseni ORS ba dokota aba. Bapole, bakakwatire kwinangu.”

Ndinabwerera ndekha ndikukankha wilibala yopanda kanthu, kapaketi ka ORS kali m'thumba. Abale, musanatsine apongozi, yambani mwadzitsina nokha.