Maluwa akutchire m'zitini zapenti

Lolemba
Zitini khumi ndi ziwiri zili pamzere kuseri kwa nyumba, kuno ku Kabwata. Muli maluwa akutchire amene ndinakazula kupitirira Chelstone mwezi watha. Ba Mwansa a ku Kabulonga atopa ndi maluwa achizungu, omwa madzi ngati ng'ombe. Loweruka akufuna kuona dothi limene akutchirewa alikonda. Akakhutira, ntchito yosamala bwalo lawo ndi yanga. Chaka chatha ndili pakhomo chabe.
Dothi lake: la pachulu, mchenga, manyowa a nkhuku, utuchi. Zitini zitatu zitatu, chilichonse ndachimata lebo, kapepala konena dothi lake.

Lachiwiri
A m'manyowa apsa onse, masamba ngati fodya. Ndimati ndiwakomere mtima, ndinathira osawola.

Lachitatu
Pampopi pouma. Ndikuthirira ndi madzi otsukira mbale, mobisa. Akazi anga, amake Taonga, andipeza: "Bana basamba na kapu imozi, imwe mupasa manzi mauzu."
Mu utuchi mwalowa chiswe. Zatsala zisanu ndi chimodzi.

Lachinayi
Mphaka wa ba landilodi wasandutsa mchenga wanga chimbudzi, mizu yonse pamtunda. Ndikudandaula, iwo akungoti pusi sabelenga ma lebo.
Koma a pachulu ali moyo. Limodzi likufuna kumasula, lachikasu!

Lachisanu
Alamu abwera kuchokera ku Chipata. Ndapita kukatunga madzi, pobwera zitini ziwiri zili mbee. Akuti masambawo kwawo ndi ndiwo. Athyola, athira nsinjiro.
Ndadya nawo. Chowawa n'chakuti n'zokoma.

Loweruka
Ba Mwansa akuti sabwera, ndiwapititsire. Minibasi, chitini pamiyendo, ndikuchifungatira ngati khanda. Pa Cairo Road kondakitala akundisanjikiza thumba la kabichi. Ndikumva kuti thyo.
Pageti ku Kabulonga ndili ndi chitini cha dothi ndi kamtengo. Ba Mwansa akuchiyang'ana nthawi yaitali, akundipatsa madzi ozizira. "Osavutika, ba tate. Tizaika chabe ma peva, njerwa za simenti, bwalo lonse."
Duwa lothyokalo lili m'thumba la malaya. Sindinalionetse.

Lamlungu
Amake Taonga adzala anyezi m'zitini zonse. 
Tikupita kutchalitchi ku Libala. M'ngalande ya m'mbali mwa msewu, pakati pa mabotolo ndi majumbo, maluwa achikasu omwewo amasula mbali yonse, opanda wowathirira. Ndaima, ndayamba kuwerama. Amake Taonga akundikoka malaya.
"Osayesa."